Kaufiti wandisowetsa mtengo wogwira, ndithandizeni

Moni nonse alimi anzanga ndi alangizi muli muno.

Kaufiti wandilanda munda wa chimanga wa ekala imodzi, dothi lake ndi lamchenga. Chimanga chimamera bwino, koma chikangofika m'mawondo chimapinimbira, masamba n'kupota ngati kuli ng'amba pomwe mvula ikugwa. Timaluwa tofiira ta kaufiti tija tikamaoneka, n'kuti atayamwa kale mizu pansi.

Ndakhala ndikumuzula asanachite maluwa, ndathira manyowa ndi yureya, chaka chatha ndinabzalamo soya. Wachepako pang'ono chabe. Ndikudziwa kuti njere za kaufiti zimatha zaka zoposa 10 zili m'nthaka, koma banja langa silingadikire zonsezo.

Pa chionetsero cha zaulimi, ofufuza a ku yunivesite anationetsa munda wobzala Desmodium, chomera cha m'gulu la nyemba, pakati pa mizere ya chimanga. Kaufiti munalibiretu, ndinaona ndi maso angawa. Kungoti anthu tinachuluka, sindinafunse bwinobwino, ndipo alangizi athu akuti mbewu yake alibe.

Alipo anayesapo njirayi m'munda mwake? Mbewu munaipeza bwanji, nanga munabzala motalikana bwanji? Komanso mlimi wamba ngati ine angawafikire bwanji ofufuzawa kuti andiyezere nthaka?