Mwana wongoyankha kuti "não sei", ndimutani?

Mphunzitsi wa ku Dómuè:
Aphunzitsi anzanga, ndigawireniko nzeru. Chino ndi chaka changa chachiwiri pa ntchito, ndipo andipatsa kalasi yachinayi, ana 68. Muli mnyamata wina wa zaka 12 yemwe akubwereza kalasi. Chilichonse chimene ndingamufunse, yankho ndi limodzi: "não sei", kutanthauza "sindikudziwa" m'Chipwitikizi. Lachiwiri ndinalemba pa bolodi 7 + 5, samu ya kalasi yoyamba, dala kuti akhozeko. Ndisanatsirize n'kufunsa komwe, iye wanena kale não sei, maso pansi, akukanda benchi ndi chikhadabo. Mayeso a trimestre yatha anapeza 3 pa 20, theka la pepala osalembapo kanthu.

Chandizunguza mutu n'chakuti Loweruka ndinamupeza pamsika akugulitsa kachewere wa amayi ake. Ndinagula wa 70, n'kupereka 200. Mwana anabweza 130 osaphethira, osawerengera ndi zala zomwe. Ndiye samu akuidziwa. Nanga m'kalasi chimamugwira pakamwa n'chiyani?

Mphunzitsi wamkulu wa ku Furancungo:
Mwana wanga, umenewo ndi ulesi. Pamsika pali ndalama, m'kalasi mulibe. Kuwongola mtengo m'poyamba. Itanani makolo ake mulankhule nawo mwamphamvu.

Mayi wa ku Ulongué:
Abambo a ku Furancungo, ndi ulemu wonse, pamenepo sindikugwirizana nanu. Mwana waulesi amayembekeza funso lithe, aone ngati lili lophweka. Uyu akuyankha funso lisanathe. Sakuthawa ntchito, akuthawa kuyesa.

Achemwali a ku Dómuè, mukukumbukira desamparo aprendido, kuzolowera kugonja osayesanso, ija tinkaloweza ku IFP, sukulu ya zauphunzitsi, kuti tingokhoza mayeso? Ndi imene mwaikhazika pa benchi panuyo. Mu 1967 Martin Seligman ndi Steven Maier, ku yunivesite ya Pennsylvania, ankagwiritsa agalu magetsi owawa. Agalu ena anali ndi kachitsulo kokankha ndi mutu kuti magetsi aleke, ena analibe chochita, kaya alire kaya aphiriphithe. Mawa lake onse anawaika m'bokosi lokhala ndi kampanda kakafupi pakati, kongodumpha n'kupulumuka. Oyamba aja anadumpha. Ambiri mwa achiwiri aja anangogona pansi n'kumalira, njira ili pamphuno. Anali ataphunzira kuti chimene iwo angachite sichisintha kanthu.

Mwana si galu, musandimve molakwa. Koma taganizani: zaka zinayi akuyankha n'kumalakwa, anzake n'kumaseka, kope lodzaza ndi cholembera chofiira. Pamsika akawerengera bwino, ndalama imakwana, amayi ake amakondwa. M'kalasi sanaonepo kuyesa kukumupindulira. Não sei ndi chishango chake, chifukwa funso limadutsa msanga kupita kwa wina.

Mbali imene ambiri tinaiwala ndi ya mankhwala ake. Agalu aja sanachire ndi kukalipiridwa kapena kunyengereredwa ndi chakudya. Anachita kuwakoka ndi chingwe kuwaolotsera mbali ina ya bokosi lija, kambirimbiri, mpaka anayamba kudumpha okha. Mwana wanuyo kumuuza kuti "limbikira" n'kutaya mawu. Afunika aone yekha dzanja lake likukhoza, kangapo kotsatizana.

Mphunzitsi wa ku Tsangano:
Musanapite kutali ndi agalu, yambani mwaona zapafupi. Amamva bwino? Amaona pa bolodi? Ine ndinavutikapo miyezi iwiri ndi mtsikana wina, kenako n'kupeza kuti khutu limodzi linkatuluka mafinya. Muimirire kumbuyo kwake mumuitane motsitsa mawu, muona.

Chachiwiri, mumamufunsa m'chilankhulo chanji? Pamsika paja munalankhula Chichewa, si choncho? Mwina 7 + 5 sakumuopa, akuopa kutchula "doze" molakwika pamaso pa anthu 67.

Mphunzitsi wa ku Dómuè:
Makutu ndayesa lero, ali bwino. Sukulu yathu si ya bilingue, yophunzitsa m'zilankhulo ziwiri, timaphunzitsa m'Chipwitikizi kuyambira kalasi yoyamba. Ndipo zoona, pamsika tinkalankhula Chichewa.

Koma ndapeza china chondichititsa manyazi. Pa nthawi yopuma ndamva anzake akumuitana kuti "iwe Não Sei, ponya mpira". Lasanduka dzina lake. Atsikana awiri andiuza kuti linayamba ali kalasi yachiwiri, mphunzitsi wina atamunena kuti burro, kutanthauza mbuli, pamaso pa onse. Ine ndemwe nditapatsidwa kalasiyi ndinauzidwa kuti "uyo musavutike naye", ndiye ndinamukhazika kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi matsache. Ndikawerenga bwino, kuyambira Febuluwale ndamufunsa mafunso osakwana khumi.

Mayi wa ku Ulongué:
Musadzimenye kwambiri, tonse tinachitapo. Zimenezo ndi zija anafufuza Robert Rosenthal ndi Lenore Jacobson pa sukulu ina ya pulayimale ku California, zomwe anafalitsa mu 1968. Anauza aphunzitsi kuti ana akutiakuti nzeru zawo ziphuka chaka chimenecho, pamene anawo anangowasankha mwachisawawa. Pakutha pa chaka ana amenewo anakwera kuposa anzawo, makamaka a m'makalasi awiri oyambirira. Ofufuza ena pambuyo pake anapeza kuti mphamvu yake si yaikulu monga zinamvekera poyamba, koma ilipo ndithu. Sizamatsenga ayi. Mwana amene ukumuyembekezera zabwino umamufunsa kawirikawiri, umamudikira, akalakwa umamupatsa mpata wina. Amene unauzidwa kuti musavutike naye umamuika ku matsache.

Mphunzitsi wa ku Zóbuè:
Zonsezi n'zokoma kuwerenga, koma ana 68, mphindi 45, ndiponso a pedagógico, oyang'anira kaphunzitsidwe pasukulu, akufuna dosificação, ndondomeko ya maphunziro ija, ithe pa nthawi yake. Mwana mmodzi adye nthawi ya anzake onse? Za ku America zija makalasi ake ndi a ana ochepa.

Mphunzitsi wa ku Tsangano:
Achimwene, sizifuna mphindi khumi ayi. Zimafuna masekondi atatu. Mayi wina wofufuza zamaphunziro, Mary Budd Rowe, anajambula mawu m'makalasi ambiri n'kupeza kuti mphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, kenako wafunsa wina kapena wayankha yekha. Aphunzitsi atazolowera kudikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho anatalika, a "sindikudziwa" anachepa, ndipo ana osalankhula aja anayamba kulankhulako. Ine ndimawerenga chamumtima, ndipo ndimaletsa kukweza manja ndisanawombe m'manja. Sabata yoyamba chete ameneyo amakuyabwa ngati chitedze, koma umazolowera.

Kwa mnyamatayo ndikanachita chonchi. Asamuke ku matsache, koma osamuika kutsogolo kwenikweni, angaone ngati chilango. Musamufunse pagulu kaye. Anzake akamalemba, pitani pa benchi pake, funsani motsitsa, m'Chichewa, ndi ndalama: wagula wa 35, wapereka 50. Akayankha, muuzeni alembe zomwezo m'kope, 50 − 35 = 15, inu muchonge pomwepo iye akuona. Poyamikira musati "ndiwe wanzeru", sakhulupirira. Tchulani chimene wachita: "wabweza chenji molondola, ndipo walemba wekha".

Mphunzitsi wamkulu wa ku Furancungo:
Chabwino, ana inu mwaphunzira. Koma dzina lijalo mukalisiya, zonsezi ndi kuthira madzi m'dengu. Limenelo lokha ndiye lofunika ukali. Ndipo makolo muwaitanebe, osati kukawakalipira, koma amve kuchokera kwa inu kuti mwana wawo amatha samu. Mwina chiyambire sanaitanidwepo kusukulu pa nkhani yabwino.

Mphunzitsi wa ku Dómuè:
Ndabweranso patatha masabata atatu. Ndinamukhazika mzere wachitatu, pambali pa mtsikana wofatsa amene saseka anzake. Dzina lija ndinaliletsa, m'kalasi latha, koma ku bwalo la mpira ndimalimvabe. Masiku anayi oyamba ngakhale pa benchi ankati não sei, chonong'ona. Tsiku lachisanu ndinabwera ndi makobidi enieni m'thumba n'kuwayala pa kope lake. Anawasuntha ndi chala, n'kunena kuti "khumi ndi zisanu", osandiyang'ana. Ndinachonga. Anakhala akuyang'ana chongacho nthawi yaitali, mpaka ine ndinachoka.

Mayeso a Masamu a sabata yatha wapeza 8. Akadali pansi pa 10, koma pepala lonse walemba, ngakhale zolakwazo. Amayi ake anabwera ali ndi mantha, atavala chitenje chatsopano ngati akupita ku mlandu, ndipo pobwerera anandisiyira kachewere m'kapulasitiki.

Abambo a ku Zóbuè, dosificação ndatsalira ndi phunziro limodzi, sindikubisa. Vuto latsala ndi Chipwitikizi. Pa kuwerenga mokweza wabwerera ku não sei, ndipo kumeneko makobidi sandithandiza. Amayi a ku Ulongué, kodi ndiyambe ndi kumuwerengetsa mawu a pa mapaketi a sopo ndi shuga amene amawaona pamsika, kapena ndibwereke buku la Cinyanja ku sukulu ya bilingue ya mu ZIP yathu, gulu la sukulu za m'dera lathu lino?