Anzanga a ku Kasungu TTC muli kuti?

Wa ku Chamama: Amangwetu amene tinali limodzi ku Kasungu TTC mwasowatu, mulipo koma? Ine ndikadagwirabe choko kuno ku Chamama, ana atatu tsopano, woyamba walemba mayeso a sitandade 8 chaka chino. Enanu muli kuti?

Mlimi wa fodya: Tilipo achimwene. Ine uphunzitsi ndinausiya kalekale ndikulima fodya ku Santhe, nthawi ya okushoni mundipeza pa Chinkhoma ndi mabelo anga, koma mtengo wa fetelezawu ndiye watikwapula eee.

Make mapasa: Hahaha inuyo munkangogona m'kalasi muja lero ndinu bwana wa fodya? Ine anandisamutsira ku Mchinji kufupi ndi Kamwendo, ndinakwatiwa konkuno, mapasa ayamba kuyenda. Loweruka ndimadutsa pa Mwami kukaoda zitenje ku Chipata, salale yokha siifika n'komwe pa 15.

Wa ku Joni: Moni nonse kuchokera ku Johannesburg, kuzizira kwa mu Juni kuno musachite kufunsa. Ndibwera pa Khirisimasi pa basi kudzera ku Tete, tidzakumane pa Kasungu boma, nkhuku ya lokolo isadzasowe.

Wa ku Chamama: Nkhuku ilipo. Asisi mapasawo mudzabwere nawo tidzawaone.