RAM ikumadzadza session ikatalika, ndithandizeni

Abale opanga nyimbo, ndili ndi vuto landisowetsa mtendere. Laputopu yanga ili ndi RAM (memory imene mapulogalamu amagwiritsa ntchito akamayenda) ya 8GB, DAW (pulogalamu yojambulira ndi kusakaniza nyimbo) ndi ya 64-bit. Ndikangotsegula project zonse zimayenda bwinobwino, Task Manager imaonetsa 4GB basi, koma pakatha maola 4 kapena 5 tikujambula ma vocal imakwera mpaka 7.5GB, nyimbo nkuyamba kudukiza, ndikadina play imakhala kaye duu kenako mpamene imayamba. Dzulo woimba anali pakati penipeni pa chorus, maso atatsinzina, mawu akutuluka mmene timawafunira kuyambira masana, makina nkungouma. Take ija inapita. Zinandiwawa kwambiri chifukwa anabwereza kasanu koma sizinamvekenso chimodzimodzi.

Buffer (kuchuluka kwa mawu amene DAW imakonza nthawi imodzi) ndinaikweza kuchoka pa 256 kufika 1024, palibe chasintha kupatula kuti woimba amadzimva mochedwa mu headphone. Ma take oipa ndimafufuta koma RAM siitsika ayi. Ndikatseka DAW nkutsegulanso imabwerera pa 4GB, nanga ndizingotsekatseka munthu ali pa mic? Ndigule RAM ina kapena pali chimene ndikulakwitsa?

Wina wayankha: Achimwene buffer ndi nkhani ya CPU, RAM siikhudza, ibwezereni. Ma take mukufufutawo mukungowachotsa pa timeline, mu project akadalimo ndipo undo history ikuwagwirabe. Fufuzani pomwe pali purge ya unused clips (yochotseratu zojambula zimene sizikugwiritsidwa ntchito), muchepetsenso ma undo. Ngati DAW yanu imanyamula audio mu RAM muiuze iziwerenga kuchokera pa disk.

Wina wayankha: Ine ndikukayikira ma sampler, ma plugin oimba mawu a zida ojambulidwa kale aja. Piano ndi ma strings zimadya RAM ngakhale track ili pa mute. Musanayambe ma vocal pangani bounce, kutanthauza kuti beat yonse ikhale file imodzi ya audio ya WAV, mphindi imodzi ya stereo pa 24-bit 44.1kHz ndi pafupifupi 16MB yokha, mujambulire mu project ina yopanda ma plugin olemera. Ngati sampler yanu ndi Kontakt, ili ndi purge, imatulutsa ma sample omwe nyimbo sikuwaimba.

Wina wayankha: Kuumako nchifukwa RAM ikadzadza Windows imayamba kulemba pa page file (malo a pa disk amene imawagwiritsa ntchito ngati RAM), ndipo ngati muli ndi hard disk yakale osati SSD ndiye zimakwawa. 16GB ingathandize ndithu koma yambani mwatseka browser.

Mwini funso: Zikomo akuluakulu. Ndawerenga, ma sampler alimo 9 ndipo 4 ali pa mute kuyambira sabata yatha. Ndiye ndikapanga bounce woimba nkunena kuti tikweze key, ndibwerere ku project yoyamba kapena pali njira yachidule?