Alendo anayi, mpira umodzi: ndithandizeni kugawa maminitsi 200

Wa Mavidiyo:
Akuluakulu, mwaswera bwanji. Ndabwera ndi mutu waukulu. Monga ena mukudziwa, ndimadula mavidiyo ndi kuthandizira makochi a basketball pa koleji ina yaing'ono ya Division I, gawo lapamwamba la masewero a m'makoleji, kuno ku America. Sizoni itatha anyamata atatu analowa mu transfer portal, kaundula wa osewera ofuna kusamukira ku koleji ina, n'kupita, ife tatolamonso anayi. Bwana kochi akufuna Lolemba ndiwapatse pepala losonyeza amene ayambe ndi mmene maminitsi agawidwire.

Vuto lili pa ma guard, osewera awiri ogwira mpira kutali ndi ring'i. Tili ndi point guard (woyendetsa timu) wathu wakale, chaka chachitatu, amene anakana kuchoka pomwe anzake ankathawa. Sagoletsa kwambiri koma sataya mpira. Ndiye tatenga guard wina wochokera ku ligi yocheperapo, kumeneko ankagoletsa mapointi 18 pa gemu, mpira uli m'manja mwake nthawi zonse. Pa pulakatisi akakhala timu imodzi amangoyang'anana. Wakaleyu akatenga mpira, mlendoyu amaima pakona manja ali m'chiuno ngati akudikira minibasi. Mlendoyu akautenga, amadunda mpaka shot clock, wotchi yowerenga nthawi yoti timu iponye, itsale masekondi 5.

Palinso center (wosewera pansi pa ring'i) wamtali amene wachokera ku timu yomwe inkateteza zone, aliyense kulonda malo ake osati munthu, pomwe ife timasinthana anthu pa screen iliyonse, pamene mdani waima kutchinga amene akumaka mnzake. Alendo awiri enawo alibe vuto, mmodzi ndi woponya ma three (mipira ya mapointi atatu yoponyera patali), wina ndi wa benchi ndipo akudziwa yekha.

Mphunzitsi Wopuma:
Mwana wanga, usanalembe kanthu ndiyankhe funso limodzi. Mlendo wa mapointi 18 uja pomukopa anamulonjeza chiyani? Chifukwa ngati wina anamuuza pa foni kuti timu ndi yake, pepala lako likhala la chabe. Atambala awiri salira m'khola limodzi, makamaka ngati mmodzi anauzidwa kuti kholalo ndi lake.

Wa Mavidiyo:
Madala, zimene ndamva n'zakuti anamuuza kuti azidzayamba. Za kukhala point guard sanamuuze, koma iye anamva choncho.

Wa Ziwerengero:
Achimwene, mapointi 18 amenewo aiwaleni kaye. Funso ndi lakuti anawapeza bwanji. Lowani mu Synergy, pulogalamu ya mavidiyo ndi ziwerengero za magemu, mugawe kuponya kwake pawiri: kumene anaponya atadunda yekha, ndi kumene anangolandira n'kuponya. Ku timu yofooka munthu wabwino amakakamizidwa kuponya mipira yoipa chifukwa palibe wina, ndiye chiwerengero chake cha ma three chimaoneka chotsika. Koma mukapatula yolandira n'kuponya yokha, nthawi zina mumapeza kuti ndi katswiri. Akakhala wotero, akhoza kusewera limodzi ndi wakale uja. Akapanda kutero, ndiye kuti muli ndi ma point guard awiri ndipo mmodzi azikhala pansi.

Onani Tristen Newton. Ku East Carolina ankagoletsa pafupifupi 18. Atapita ku UConn kwa kochi Dan Hurley mu 2022 anatsikira pa 10, koma anatenga chikho cha makoleji a dziko lonse mu 2023, anatenganso mu 2024 n'kusankhidwa wosewera wopambana wa Final Four, ndime ya matimu anayi omaliza. Mbali inayi muli AJ Storr, amene ku Wisconsin ankagoletsa pafupifupi 17 koma atafika ku Kansas mu 2024 anathera pa 6. Munthu yemweyo, manja omwewo. Chimene chinasintha ndi malo amene ankalandirira mpira ndi kuchuluka kwa nthawi imene ankaugwira.

Mayi Kochi:
Ine ndili ku timu ya atsikana, timasewera ma quarter anayi osati ma half awiri ngati inu, koma masamu ake ndi amodzimodzi: malo 5, maminitsi 40, zonse 200. Musamaganize za anthu asanu oyamba okha. Malo a ma guard awiri ali ndi maminitsi 80, yambirani pamenepo.

Inu muli ndi mwayi chifukwa ma timeout a TV, nthawi zopumira zotsatsira malonda, amakudulirani half ya maminitsi 20 pakatsala maminitsi 16, 12, 8 ndi 4. Yambitsani onse awiri. Pa timeout ya 16 tulutsani mlendoyo, alowe woponya ma three uja, wakale ayendetse timu. Pa 12 mlendo abwerere, wakale apume, ndipo maminitsi 4 amenewo mpira ndi wa mlendo, adunde mmene akufunira, makamaka poti nthawi imeneyo timu inayo imakhalanso yalowetsa a pa benchi. Kuyambira pa 8 mpaka kumapeto akhale limodzi. Aliyense wasewera 16 pa half, 32 pa gemu. Woponya uja wapeza 16. Phatikizani muone ngati sizikukwana 80.

Mukatero palibe mphindi imene timu ilibe woyendetsa, ndipo palibe amene angakadandaule kwa makolo ake kuti anamunamiza.

Wosewera Wakale:
Masamu a mayiwa ndi abwino, koma ndilankhuleko ngati munthu amene anakhalapo mlendo. Ine ndinachoka ku junior college, koleji ya zaka ziwiri, kupita ku koleji ya zaka zinayi. Chimene chinandizunza miyezi iwiri yoyamba sichinali maminitsi. Anali mawu. Kumene ndinachoka, screen ikamabwera kumanzere mnzako amakuwa mawu ena, kumene ndinafika amakuwa ena. Ukamva mawu achilendo umachedwa ndi sekondi imodzi, ndipo sekondi imodziyo munthu wadutsa kale, kochi akukukalipira pamaso pa anzako kuti ndiwe waulesi. Tsiku lina ndinakakhala m'galimoto pa malo oimika magalimoto ola lathunthu osaliza injini, ndikuganiza zobwerera.

Ndiye mnyamata wanu woima manja m'chiuno uja mwina si mwano. Moyo wake wonse mpira unkamupeza yekha. Sanaphunzitsidwepo kuti ukakhala wopanda mpira umapita kuti. Mwamufunsapo?

Wa Mavidiyo:
Kunena zoona sitinamufunse. Timangoti ndi matama.

Mphunzitsi Wopuma:
Ndi zimenezotu. Kale vuto limeneli malamulo ankatithetsera okha. Munthu akasamuka ankakhala chaka chathunthu osasewera, kumangochita pulakatisi. Baylor imene inamenya Gonzaga 86-70 mu fainolo ya 2021 inadzaza ndi osamuka: Davion Mitchell wochokera ku Auburn, MaCio Teague ku UNC Asheville, Adam Flagler ku Presbyterian, Jonathan Tchamwa Tchatchoua wa ku Cameroon uja wochokera ku UNLV. Koma onsewo anayamba akhala pansi chaka, kuphunzira chinenero cha kochi wawo Scott Drew. Pofika tsiku lovala yunifomu sanalinso alendo. Ndipo Flagler, amene kwawo anali mfumu, ankalowa kuchokera pa benchi popanda phokoso.

Portal inabwera mu 2018, mu 2021 analola kuti wosamuka koyamba azisewera nthawi yomweyo, mu 2024 anatsegula ngakhale kwa wosamuka kachiwiri kapena kachitatu bola sukulu ikuyenda. Chaka chija chophunzirira chinapita. Zimene tinkaphunzitsa miyezi 12 inu mukuyenera kuzipanikiza m'masabata 8 a chilimwe ndi mapulakatisi 30 sizoni isanayambe. Ine zinandikanika, n'chifukwa chake ndikulima tomato kuseri kwa nyumba.

Wa Ziwerengero:
Madala, musatiopseze. Zimathekabe. Florida ya Todd Golden inatenga chikho mu 2025 ndi ma guard atatu osamuka: Walter Clayton Jr. wochokera ku Iona, Will Richard ku Belmont, Alijah Martin ku Florida Atlantic. Ndipo kochi Mark Pope anafika ku Kentucky mu 2024 osapeza ndi mmodzi yemwe wa scholarship wotsala, anamanga timu yonse mwatsopano n'kufika Sweet 16, ndime ya matimu 16 omaliza.

Mphunzitsi Wopuma:
Florida yakoyo uiwerenge bwino. Richard anafika 2022, Clayton 2023, Martin 2024. Sanatsike basi imodzi. Aliyense anapeza wina woti amulozere pogona. Za Kentucky ndikuvomera, koma kumeneko kunalibe mwini mudzi woti apsetsedwe mtima, onse anali alendo. Mnzathuyu ali ndi mwini mudzi, ndipo ameneyo ndi amene ndikumudera nkhawa.

Mayi Kochi:
Pamenepo bambowa anena zoona. Anthu timatanganidwa ndi kusangalatsa mlendo n'kuiwala amene anakhala. Mtsikana wanga wina anachita chimodzimodzi, anakana kuchoka, ife n'kubweretsa wina pamalo pake osamuuza kanthu. Anazimvera pa Instagram. Sanakangane ndi aliyense, ankangofika pa nthawi, kusewera, kupita. Sizoni itatha dzina lake linali loyamba mu portal, ndipo anatenganso mnzake. Kulakwa kunali kwanga.

Pa pepala lanu lembanipo mzere umodzi: gemu ikakhala yothina maminitsi 4 omaliza, mpira uyambira m'manja mwa wakale, uthera m'manja mwa mlendo. Ndipo bwana wanu awauze onse awiri ali m'chipinda chimodzi, osati aliyense payekha, kuti pasakhale woti "ine anandiuza zina".

Wa Mavidiyo:
Ndausiya tulo usiku wapitawu, ndaonera kuponya konse kwa mlendoyu kwa sizoni yatha. Achimwene a ziwerengero munalosera. Akalandira n'kuponya, makamaka pakona ya kumanja, mpira umalowa mosakayikitsa, kungoti mipata yotereyi ankaipeza mwa apo ndi apo. Ma three ambiri amene anaphonya ndi oponya atadunda kasanu, munthu ali pamphuno, nthawi ikutha. Ndadula kavidiyo ka maminitsi 3 ka yolowa yokhayokha, ndikamuonetsa.

Nanga center uja? Palibe wanenapo.

Wosewera Wakale:
Ameneyo musamusinthe, simukwanitsa. Munthu wamtali amene wakhala zaka zitatu ataima pansi pa ring'i mukamutulutsa kuti akathamangitsane ndi guard kunja kwa mzere wa three, atenga mafaulo awiri maminitsi 5 oyamba, ndipo ku koleji asanu okha watuluka. Mapazi saphunzira m'masabata 6.

Wa Ziwerengero:
Ndikugwirizana nazo. Sinthani difensi osati munthu. Iye akakhala mkati, pa screen azibwerera m'mbuyo kuteteza ring'i, guard azidutsa pamwamba pa screen kutsatira munthu wake. Akatuluka, bwererani ku kusinthana kwanu. Zikhala difensi ziwiri, inde, koma anyamata akale akuidziwa kale imodzi, ndiye yatsopano ndi imodzi yokha. Mtengo wake ndi wakuti timu yokhala ndi center woponya ma three idzakuvutani, masiku amenewo azisewera maminitsi ochepa. Ndikanakhala ine ndikanalemba 22 kwa iye, 18 kwa forward wanu wakale wolowa pamalo pake, n'kuika kanyenyezi pambali kuti zimatengera mdani.

Komanso mumuyeze ndi ma rebound, kutola mpira umene waphonya ring'i. Ndi chinthu chimodzi chimene chimasamuka bwino ndi munthu. Oscar Tshiebwe wa ku Congo ankatola mipira ku West Virginia, atafika ku Kentucky anatola 15 pa gemu mu 2022 n'kukhala wosewera wopambana m'dziko lonse. Sindikuti wanuyo ndi Tshiebwe, koma ngati ankatola kumene wachoka, adzatolanso kwanu ngakhale asanaloweze sewero limodzi.

Mphunzitsi Wopuma:
Ndipo muike mlendo wa mapointi 18 uja pamodzi ndi center ameneyu maminitsi 4 aja a pakati. Guard wogoletsa kawirikawiri amadutsidwa, ndiye kumbuyo kwake kukhale chipupa.

Wa Mavidiyo:
Ndabweranso ndi lipoti. Pepala ndinapereka Lolemba. Bwana anatenga kagawidwe ka Mayi Kochi monga kalili, za difensi ziwiri anakana poyamba, anati sakufuna kusokoneza ana. Loweruka tinali ndi gemu yoyeserera yotseka zitseko ndi koleji ina. Half yoyamba center anatuluka kukasinthana monga mwa kale, mafaulo atatu isanathe, achimwene Wosewera Wakale munangophonya ndi imodzi. Half yachiwiri bwana anangondiyang'ana, n'kuuza mnyamatayo kuti azibwerera m'mbuyo. Sanachitenso faulo.

Mlendo uja ndinakhala naye pansi Lachitatu ndi kavidiyo kaja. Anaonera kawiri osalankhula, kenako anati palibe kochi anamuonetsapo zimenezi. Ndinamufunsanso za kuima pakona, anati amaopa kuti akasuntha atsekera mnzake njira n'kukalipiridwa. Tamupatsa malamulo awiri okha: wakale akalowa mkati mbali yako, tsetserekera pakona, womaka iwe akatembenuza mutu, dutsa kumbuyo kwake. Loweruka anagoletsa ma three atatu, onse pa pasi ya wakale uja.

Chatsala ndi ichi. Maminitsi 4 aja amene mpira uli wake, akudundabe mpaka kutopetsa, ndipo woponya ma three uja sanaugwire ndi kamodzi komwe.

Mayi Kochi:
Woponyayo mwamuika mbali iti? Ngati mlendoyo amakonda kulowera kumanja, muikeni pakona ya kumanja komweko kuti azimuona asanafike pa ring'i. Ali kumanzere ndiye kuti ali kumsana kwake. Ndipo sewero loyamba akangobwerera pa 12 likhale loitanidwa kuchokera pa benchi, lothera kwa woponyayo. Akaona kuti pasi imodzi yamutsegulira njira ulendo wotsatira, sadzafunanso kuuzidwa.

Wa Mavidiyo:
Anali kumanzere, mayi. Ndikusintha pa bolodi pompano, pulakatisi ili 3 koloko.