Opaleshoni ya pituitary yatheka, koma tidziwa bwanji kuti acromegaly yatheratu?

Wofunsa:
Abale anga pagulu pano, ndithandizeni nzeru, makamaka amene munadutsamo kapena azachipatala. Amuna anga anawapeza ndi acromegaly, matenda aja oti kachotupa ka pa pituitary (kachiwalo ka pansi pa ubongo kopanga mahomoni) kamatulutsa GH (homoni wokulitsa thupi) wochuluka mpaka manja, mapazi ndi nsagwada kumakula munthu ali wamkulu kale. Sabata yatha anawachita opaleshoni yodzera m'mphuno. Chotupacho chinali cha mamilimita 14, pa pepala la MRI (makina ojambula m'kati mwa thupi) analembapo Knosp 2. M'mawa mwake atawayeza magazi, GH anali 1.6 ng/mL, kuchoka pa 18.

Panopa thukuta limene linkawavutitsa lija lasiya, mkonono wachepa, ndipo mphete imene inakanirira pachala kwa zaka yavuka ndi sopo chabe. Iwo akuti achira basi, moti ayamba kale kuimbira achibale. Adokotala anangoti tidikire miyezi itatu. Ine mtima suli m'malo. Kodi 1.6 ameneyu ndi wabwino kapena ayi? Nanga bwanji sanayeze IGF-1 (homoni wina amene amakwera GH akachuluka), poti ndi amene anapezera matendawa?

Yankho loyamba:
Mayi, adokotalawo sakukuzembani ayi. Ine ndine namwino wa odwala matenda a mahomoni. GH amatsika m'maola ochepa chotupa chikachoka, koma IGF-1 amapangidwa ndi chiwindi ndipo amatsika pang'onopang'ono. Mukamuyeza lero angakuopsezeni pachabe. N'chifukwa chake malangizo a 2014 a Endocrine Society, bungwe la akatswiri a matenda a mahomoni, amati ayezedwe pakatha masabata 12, ndipo MRI nayonso idikire nthawi yomweyo, zotupatupa za opaleshoni zitaphwa.

Za 1.6 ndisakunamizeni. GH wa tsiku loyamba akakhala pansi pa 1, chiyembekezo chimakhala chachikulu ndithu. Akakhala m'mwamba kwambiri, nthawi zambiri pamakhala kuti chotupa chatsalirako. Wa bambowo ali pakatikati, ndiye sangatiuze zambiri pa yekha, komanso GH amakwera ndi kutsika tsiku lonse. Chigamulo chenicheni ndi IGF-1 wolingana ndi msinkhu wawo, ndi GH wosapitirira 1. Zikakhala zokayikitsa amamwetsa shuga wa magalamu 75 n'kuona ngati GH atsikira pansi pa 0.4.

Yankho lachiwiri:
Achemwali, ine Knosp 2 uyo ndi amene wandisangalatsa. Muyezo umenewu umayambira pa 0 kufika pa 4, ndipo umanena mmene chotupa chalowerera m'mbali, komwe kumadutsa mtsempha waukulu wopita ku ubongo. Pa 3 ndi 4 dokotala sangapale momasuka, ndiye zotsalira zimachuluka. Kukula kokha ndiye kwapitirira mamilimita 10, ndipo zotupa zotere zimene zimatheratu ndi opaleshoni yokha ndi pafupifupi theka, pamene zing'onozing'ono zambiri zimatheratu. Koma theka limenelo amawerengera pamodzi ndi zimphona za mamilimita 30, ndiye musalitenge ngati la amuna anu.

Yankho lachitatu:
Za mphetezo bambowo asathamange nazo. Inenso nsapato zinayamba kundikhwepa nditangotuluka m'chipatala, ndinasangalala zedi, koma atandiyeza IGF-1 anali akadali pamwamba. Madzi a m'minofu amaphwa GH akangotsikako, ngakhale chotupa chitatsalira. Panopa ndimabayitsa lanreotide, jakisoni wotsitsa GH, mwezi ndi mwezi ndipo zikuyenda. Kulinso mankhwala ena monga octreotide, cabergoline ndi pegvisomant, ena amawachitanso opaleshoni kapena kuwotcha chotsaliracho ndi makina (radiotherapy). Mafupa okha sabwerera, nsagwada yanga ili momwemo. Mukapitanso mukafunse zimene anapeza atapima chotupacho, ngati ndi cha mtundu wotchedwa densely granulated kapena wotchedwa sparsely granulated, chifukwa choyambacho chimamvera jakisoni msanga.

Wofunsa:
Zikomo nonse, ndapumako. Funso lina: anabayidwa octreotide patatsala pang'ono kuti achitidwe opaleshoni. Zili ndi kanthu?

Namwino uja:
Eya, zili ndi kanthu. Ngati anali jakisoni wa pamwezi, ameneyo amakhalitsa m'thupi, ndiye akhoza kutsitsa GH wa tsiku loyamba uja n'kuoneka bwino kuposa mmene zilili. Mukawakumbutse adokotala tsiku limene anabayidwa komaliza. Koma sabata ino maso anu akhale pa zina: akayamba nseru, mutu waukulu, kusokonezeka, ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi, kapena madzi oyera mbee akamadontha m'mphuno, musadikire tsiku lokaonana ndi adokotala. Mchere wa m'magazi umakonda kutsika pakatha pafupifupi sabata chichitireni opaleshoni, ndiye pitani nawo tsiku lomwelo akayezedwe.