Ka AoA ka pa ndege yathu ya Cessna 182: tigule kapena tisiye?

A Phiri: Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera nayonso nkhani ya ka AoA, kachipangizo kosonyeza mmene phiko lapendekera polimbana ndi mphepo. Ndege ikulowa mu hangala mwezi wamawa, ndiye ngati tikufuna kuikitsa, nthawi yake ndi imeneyi. A Garmin amapanga, a Alpha Systems amapanganso. Ku America bungwe loona za ndege la FAA linafewetsa malamulo mu 2014 kuti ndege zing'onozing'ono zizitha kukhala nako mosavuta.

Nambewe: Katiuza chiyani chimene geji ya liwiro sinena, achimwene? Belu la stall, lochenjeza kuti phiko latsala pang'ono kuleka kunyamula ndege, liliponso kale.

A Phiri: Belulo limalira zinthu zitatsala pang'ono kuvuta, chemwali. Liwiro la stall limasintha ndi katundu komanso mmene mwapendekera pokhota. Mukapendeka madigiri 60 osatsika, limakwera ndi 41 peresenti. Ambiri amagwa pamenepo, pokhota komaliza kuloza bwalo, ali pafupi ndi pansi. Kachipangizoka kamakuonetsani mpata umene watsala.

A Mwale: Ndilankhuleko ngati munthu wa sipanala. Ndege zimene zimabwera pa ine zitavulala potera, zambiri vuto si kuchepa kwa liwiro ayi, ndi kuchuluka. Munthu amabwera akuthamanga, ndege ikukana kukhala pansi, iye n'kuikankha mutu. Tayala lakutsogolo limagunda, imadumpha, kugundanso, ulendo wachitatu zatha. Cessna 182 ndi yolemera kumutu, ndipo mwendo wakutsogolo unamangidwa pa firewall, lata lolekanitsa injini ndi mokhala anthu. Mukaunika ndi tochi kuseri kwa injini mumapeza lata litachita makwinya pamene pali marivet. Propela ikangokhudza dothi, injini yonse imayenera kuphwasulidwa kuti aone crankshaft, chitsulo chimene chimazunguza propelayo. Zipangizo kuitanitsa kunja, ndi madola amene kubanki akusowawa. Ndege imakhala miyezi ili pa jeke.

A Phiri: Ndiye mukundithandiza, bambo Mwale! Munthu amawonjezera liwiro chifukwa choopa stall. Ataona pa kachipangizoko kuti mpata ulipo wambiri, sangathamange choncho.

A Mwale: Ngati aziyang'anapo. Ndipo kakaikidwa pamafunika kuuluka nako kukakonza muyeso wake. Mukalakwitsa pamenepo, kazikunamizani mpaka kalekale.

Nambewe: Ine zondiopsa zili pabwalo. Ku Chelinda, ku Nyika, muli pamtunda wopitirira mamita 2,300, mpweya ndi wopepuka. Geji imanena liwiro lomwelo la nthawi zonse koma pansi pamathamanga kuposa mmene munazolowera ku Chileka, ndiye maso amakunyengani kuti muchepetse. Onjezani udzu wonyowa ndi mame, ndi nyama zimene zimadya msipu pabwalo pomwepo. Buku la Cessna limati mphepo ikakhala kumbuyo, mtunda woimira umawonjezeka ndi 10 peresenti pa ma knot awiri aliwonse a liwiro la mphepoyo. Zimenezo AoA sikuziona.

A Banda: Ndimangowerenga. Funso langa ndi limodzi: ndani mwa ife anachita go-around, kusiya kutera n'kukweranso kukazungulira, chaka chino popanda instructor kumuuza?

A Banda: Zii. Ndi manyazi basi, kuopa kuti anthu oima pambali aziti bwana alephera kutera. Ndalama imeneyo tigule avgas, mafuta a ndege, aliyense akhale ndi instructor maola awiri, kuyeserera mphepo yam'mbali ndi bwalo lalifupi. Mwezi wa July mwera ukuwomba ndiye wabwino.

A Phiri: Maphunziro amaiwalika, akulu. Chipangizo chimatsala m'ndege, ngakhale poigulitsa.

Nambewe: Wogula adzayamba kufunsa ngati firewall inakonzedwapo, osati za AoA. Ine ndili kwa a Banda. Koma sindikukana kuona mtengo.

A Mwale: Ndifunsa ku Johannesburg Lolemba, pamodzi ndi msonkho ndi za kuika. Komanso matayala akumbuyo atha, lakumanja ulusi wayamba kuoneka. Amenewo tisakambirane, tumizani ndalama Lachisanu lisanafike.