Kodi maonekedwe a mpando wanga ndingawateteze bwanji ku America ndi ku South Africa?

Woluka mipando:
Ndimaluka mipando ya nsungwi, ndipo ndapanga mpando wa mtundu watsopano umene chotsamira chake chimapindika n'kukalumikizana ndi pogwira manja popanda mfundo. Wamalonda wina akufuna aziugulitsa ku America, ndipo enanso a ku Johannesburg aonetsa chidwi. Zithunzi zake ndinaziika pa Facebook miyezi ingapo yapitayi. Kodi nthawi yolembetsa umwini wa maonekedwe ake idakalipo? Nanga ndikalembetsa kuno kwathu, munthu wa kunja angaletsedwe kuukopera?

Wodziwako malamulo:
Bambo, choyamba fufuzani tsiku lenileni limene munaika zithunzizo, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Lamulo limateteza maonekedwe atsopano okha, ndipo chinthu chikaonetsedwa pagulu chimayamba kutaya utsopano wake, ngakhale wochionetsayo akhale mwini wake. Ku America amapereka chaka chimodzi kuchokera pa tsikulo kuti mulembetse ku ofesi ya USPTO, pamene ku South Africa, kumene amalembetsa ku CIPC, amapereka miyezi 6 yokha. Choncho kumene muyenera kufulumira kwambiri ndi ku South Africa.

Pa funso lachiwirilo, yankho n'lakuti ayi. Chitetezo chimathera m'malire a dziko limene mwalembetsako. Chimene chingakuthandizeni ndi pangano la ku Paris la 1883, limene limati mukalembetsa m'dziko limodzi, muli ndi miyezi 6 yokalembetsanso m'mayiko ena, ndipo iwo adzawerengera tsiku loyamba lija. Bungwe la ARIPO la ku Harare limalola fomu imodzi kugwira ntchito m'mayiko monga Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe, koma South Africa si membala wake.

Wojambula mapulani:
Ine ndikufuna nditsindike za zojambula, pakuti ambiri amazitenga mopepuka pamene ku America ndi zimene zimaonetsa malire a umwini wanu. Patenti ya maonekedwe, yomwe ndi chikalata chosonyeza umwini wanu, ilibe mawu ambiri, ndipo chimene woweruza adzayang'ane ndi mizere ya papepala. Mpando ujambulidwe kutsogolo, kumbuyo, mbali zonse ziwiri, pamwamba ndi pansi. Mzere wosadukiza umatanthauza kuti mbali imeneyo ndi yanu, pamene wodukizadukiza umangosonyeza zimene simukuzitchinjiriza. Mukajambula mpando wonse ndi mizere yosadukiza, wokopera adzangosintha miyendo n'kunena kuti wake ndi wina. Nzeru n'kujambula chotsamira ndi pogwira manja mosadukiza, miyendo ndi pokhalira n'kuzisiya modukizadukiza.

Muyeso umene makhoti a ku America amatsata unachokera pa mlandu wa Gorham ndi White wa mu 1871, wokhudza zogwirira za masupuni ndi mafoloko. Khoti lalikulu linati ngati wogula wamba angagule chinthu china poganiza kuti n'chinzake, ndiye kuti chakoperedwa. Ndipo musaganize kuti maonekedwe ndi nkhani yaing'ono: mu 2018 Samsung inalamulidwa kulipira Apple ndalama zokwana madola 539 miliyoni, ndipo zambiri mwa izo zinali za maonekedwe a foni. Patenti imeneyi imakhala zaka 15 kuchokera pamene yaperekedwa, popanda ndalama zina zoikonzetsanso, koma imateteza maonekedwe okha, osati njira ya kalukidwe kapena kulimba kwa mpandowo.

Mayi wogulitsa zoluka ku Cape Town:
Ndikugwirizana ndi anzangawa, koma achimwene, dziwani kuti mpando wachimalawi umene tonse timaudziwa uja wakhala ukugulitsidwa kuno kwa zaka zambiri, moti palibe angaulembetse kuti ndi wake. Chanu ndi chokhacho chimene mwawonjezerapo, ndipo chiyenera kusiyana moonekeratu ndi mipando imene ili kale pamsika.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi wamalonda wa ku America uja. Ngati adzipereka kulipira loya ndi ndalama zolembetsera, zimenezo n'zabwino, koma fomu itchule dzina lanu monga woyambitsa, ndipo muwerengetsetse ngati pepala limene akukupatsani likumubwereka chilolezo chogulitsa kapena likumupatsiratu umwini wonse. Musasaine loya wanu asanaliwerenge, ndipo pepalalo linene momveka mayiko amene iye azigulitsako, zaka zake, ndi ndalama imene muzilandira pa mpando uliwonse.